Galu akamathothoka ubweya zigambazigamba: yambani mwaona izi musanamuthire oilo wakuda

Pali chinthu chimene chimandiwawa ndikamayenda mmakwalala mwathumu, kuona galu atapakidwa oilo wakuda wochokera mu injini thupi lonse mpaka kumaso, akungonyezimira ngati nsewu wa tala wongothira kumene, mwini wake ali phee kuti wamupatsa mankhwala a mphere. Sindikuseka munthu ayi, inenso ndinachitapo zomwezo pa galu wanga woyamba, Bruno, chifukwa aliyense pamalo pathu ankati ndiye mankhwala ake. Galuyo anadzinyambita usiku onse, mmawa anayamba kusanza, khungu linachita kufiira ngati wapsa ndi madzi otentha, ndipo ubweya sunabwerere mpaka nditakamuonetsa kwa a vetenale. Kumeneko ndi komwe ndinamva kuti Bruno analibe ndi mphere yomwe, zinali nthata basi.

Nde vuto lathu ndi limeneli, galu aliyense wothothoka ubweya timangoti ali ndi mphere. Pomwe zinthu zothothola ubweya wa galu zilipo zambiri ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake, a ichi sagwira pa icho, ena amachita kuwonjezera vutolo. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono mmene ine ndimachitira masiku ano ndikaona kachigamba pa galu.

Choyamba, musanadziwe nkomwe kuti ndi chani, mupatuleni. Ngati muli ndi agalu angapo odwalayo agone payekha, ndipo ana asiye kaye kumukumbatira kapena kugona naye pa mphasa imodzi. Zina mwa zinthuzi monga chipere ndi mphere zimadumphira kwa anthu, makamaka ana. Mukamugwira sambani mmanja ndi sopo. Kenako tengani foni mujambule zigambazo pafupi, muike chitsekerero cha botolo la Fanta pambali pake kuti muziona kukula kwake. Zikuoneka ngati zachibwana koma pakatha masabata awiri simudzakumbukira kuti chigambacho chinali chachikulu bwanji, chithunzi nchomwe chidzakuuzeni ngati zikutha kapena zikufalikira.

Chachiwiri, mutulutseni padzuwa mmawa, mukhale pansi mumuyang'ane thupi lonse osathamanga. Mafunso ndi awiri okha. Kodi akudzikanda? Nanga ubweyawo wathothoka pati? Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene akulozereni njira.

Yambani kumbuyo, pamwamba pa mchira. Ngati ubweya wachoka pamsana chakumchira, mmatako ndi kuseri kwa ntchafu, ndipo galuyo amangotembenuka mwadzidzidzi nkudziluma pamenepo ndi mano akutsogolo, ganizani nthata kaye musanaganize china chilichonse. Anthu amati koma ine sindikuonapo nthata, eya, sikuti mpaka muzione. Agalu ena thupi lawo silimvana ndi malovu a nthata, olo ziwalume ziwiri zokha amadzikanda ngati zilipo chikwi. Njira yake ndi iyi, muimikeni pa pepala loyera kapena kansalu koyera konyowa, mumupese msana ndi chipeso cha mano othithikana kapena mungomusisita mwamphamvu mobweza ubweya. Mukaona tinthu takuda ngati tsabola wosinja tikugwa, nkumasungunuka kusanduka tofiira pa chonyowacho, chimenecho ndi chimbudzi cha nthata, ndi magazi a galu wanu amenewo. Fumbi wamba silifiira.

Ngati galu akudzikanda mosapuma, usiku onse mukungomva phwa phwa phwa mwendo ukumenya chitseko, mpaka amasiya chakudya kuti akande kaye, ndipo pathothoka ndi mmphepete mwa makutu, mzigongono, kumiyendo yakumbuyo pa mfundo paja, pachifuwa ndi kumimba, pali nkhanambo zachikasu zouma, imeneyo nde ikhoza kukhala mphere yeniyeni. A vetenale amaitchula kuti sarcoptic mange. Kamene kamayambitsa ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kamaboola khungu nkumaikira mazira mkati mwake, nchifukwa chake kuyabwa kwake kumakhala kosasimbika. Pali kamayeso kosavuta, gwirani mphepete mwa khutu lake ndi zala ziwiri mupekese pang'ono, mukaona mwendo wakumbuyo wayamba okha kupalasa mmalere ngati akukanda, nthawi zambiri imakhala mphereyi, ngakhale si umboni wotheratu. Imapatsirana fasiti, galu wanu akangocheza ndi agalu oyendayenda aja pa dzala basi watenga, ndipo mukaona apanyumba ayamba tizidzolo toyabwa mmikono ndi pamimba pomwe amamunyamulira galuyo musadabwe. Pa munthu kachilomboka sikakhalitsa, galu akachira nanunso zimatha, koma zikakula pitani kuchipatala mukanene kuti kunyumba kuli galu wa mphere.

Ilipo mphere ina imene imasokoneza anthu ambiri chifukwa siyabwa kwenikweni. Imagwira kwambiri tiana ta agalu ndi agalu osakwana chaka ndi theka. Mumangoona ubweya wapyapyala kuzungulira maso ngati wavala magalasi, mmbali mwa kamwa, ndi miyendo yakutsogolo, tizigamba tiwiri titatu, khungu lili lotuwa kapena lofiirira koma galuyo akusewera bwinobwino. Imeneyi ndi ya tizilombo totchedwa Demodex, timakhala mmabowo omera ubweya, ndipo pafupifupi galu aliyense ali nato pang'ono, amatitenga kwa mayi ake masiku oyambirira akuyamwa. Timangochuluka thupi likafooka, kaya ndi njala, kaya njoka zammimba, kaya ndi mtundu chabe. Ubwino wake sipita kwa anthu ndipo siyenda mwachisawawa kwa agalu ena. Tizigamba tikakhala tochepa pa kamwana kodya bwino nthawi zambiri timatha tokha pa mwezi umodzi kapena iwiri. Koma ikayamba kufalikira thupi lonse, khungu kuda, kukhuthala ngati la njovu, kutuluka mafinya, kununkha, mapazi kutupa, apo nde palibenso zodikira. Ndipo galu wamkulu amene anali bwinobwino zaka zonsezi akayamba mphere ya mtundu umenewu, dziwani kuti pali matenda ena mkati amene afooketsa thupi, musangolimbana ndi khungu lokha.

Chipere tonse timachidziwa, chomwe chija chimagwira ana mmutu kusukulu. Pa galu chimapanga chigamba chozungulira bwinobwino, ubweya wake umachita kuthyoka ngati wametedwa ndi lezala yobuntha, pakati pali mfundu zotuwa, mmbali mofiira pang'ono. Chimakonda kumaso, makutu, miyendo ndi mchira, ndipo kuyabwa kwake nkochepa. Si kachilombo koyenda ayi, ndi mtundu wa nkhungu, nde jakisoni wa mphere olo mubaye kakhumi chipere sichisuntha. Vuto nlakuti pongoona ndi maso chipere ndi Demodex zimafanana kwambiri, olo a vetenale amene amafuna kupima kaye. Chinthu chimodzi chomwe chingakutsinineni khutu, ngati mwana wapanyumba kapena mphaka nayenso ali ndi chigamba chozungulira nthawi yomweyo, ganizani chipere. Amphaka ndi akatundu pa nkhani imeneyi, amatha kuchinyamula iwo osaonetsa chizindikiro chilichonse.

Tsopano zina ndi zapafupi, sizifuna nzeru zambiri. Nsonga za makutu zokha zikathothoka, pali magazi ouma akuda ndipo masana ntchentche zili ng'waa pamenepo, ndi ntchentche zoluma zija, zimachuluka nyengo yotentha ndi yadzinja makamaka ngati pafupi pali khola la ng'ombe, mbuzi kapena dzala. Mukaona totupa ngati zithupsa tokhala ndi kabowo pakati, galu akunyambita mpaka ubweya kuchoka, yang'anitsitsani kabowoko, mukaona kanthu koyera kakusuntha ndi mphutsi zija ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena mchenga wonyowa ndi mkodzo, yomweyo imene imatipangitsa kusita zovala za ana zikayanikidwa panja. Zigongono zakuda zolimba zopanda ubweya pa galu wamkulu wolemera, imeneyo ndi simenti imene amagonapo, si matenda, muikireni chiguduli kapena katoni. Mzere wopanda ubweya kuzungulira khosi, onani tcheni kapena chingwe, ambiri timamangira kamwana kolala nkuiwala kuti kakukula. Ndipo galu womangidwa tsiku lonse opanda chochita amatha kumangonyambita malo amodzi pa mwendo wakutsogolo mpaka kupanga chilonda chokhuthala, kumeneko ndi kuboweka, mankhwala ake oyamba nkumumasula aziyenda.

Galu wamkazi amene waswa mwezi umodzi kapena itatu yapitayo amathothoka ubweya kwambiri, nthawi zina mpaka mbali zonse kuoneka khungu. Ngati sakudzikanda ndipo khungu lili losalala lopanda zilonda musavutike, umamera okha, bola azidya mokwanira. Pomwe galu wachikulire akamathothoka mofanana mbali zonse ziwiri za thupi, kumanja ndi kumanzere ngati wina anachita kuyeza, osayabwa, mchira kusanduka ngati wa khoswe, kwinaku akunenepa ndi kuchita ulesi, kapena akumwa madzi ambiri kukodza pafupipafupi mimba ili gwaa, amenewo ndi mavuto a mthupi, a mahomoni. Dipi sangathandize olo pang'ono, pamafunika kuyeza magazi.

Chachitatu, mukaona zonsezi pitani naye akamuone odziwa. Ndikudziwa wina anena kuti ndalama zake ziti, galu mpaka kuchipatala. Koma tawerengerani zimene mumataya pogula ichi mawa icho mongoyerekeza miyezi itatu. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto amene ali ndi chipatala cha agalu, mmatauni muli ma vetenale apulaiveti, ndipo kumudzi kuli alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, omwe aja amabaya agalu katemera wa chiwewe. Kumene kuli maikulosikopu amapala khungu pang'ono ndi kalezala mpaka pachite ngati patuluka timagazi, nkuyang'ana. Demodex imaoneka mosavuta, mphere yoyabwa ija imabisala, kawirikawiri saipeza olo ilipo, nde musadabwe akakuuzani kuti sitinaone kanthu koma timupatsabe mankhwala a mphere tione, si kuba kumeneko, ndi mmene zimachitikira. Auzeni zonse mosabisa, kuphatikizapo zomwe mwamupaka kale, musachite manyazi. Auzeninso ngati galuyo ali ndi bere, akuyamwitsa, kapena anagwapo ngati khunyu.

Musanamupatse mankhwala alionse dziwani kulemera kwake, osati kungoyerekeza ndi maso. Kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako kwerani nokha, muchotsere. Kumudzi ngati ndi wamng'ono mulowetseni mu thumba mutu uli kunja mukapemphe sikelo ya mavenda ogula soya aja, miniti imodzi basi. Agalu ambiri amene amafa ndi mankhwala a mphere sikuti mankhwalawo ndi oipa, ndi dozi.

Chachinayi nde mankhwala enieniwo. Ngati thumba likulola, njira yosavuta masiku ano ndi mapilitsi otafuna aja, Bravecto, NexGard kapena Simparica. Anapangidwira nthata ndi nkhupakupa koma amaphanso mphere zamitundu iwiri yonse ija. Bravecto mmodzi amagwira masabata 12, enawo ndi mwezi ndi mwezi. Amagulitsidwa potengera makilo a galu, nde osagula lalikulu nkumagawira agalu atatu ndi mpeni. Ndi odula, sindinama, koma mukaphatikiza mtengo wa dipi, majakisoni, transipoti ndi nthawi yanu, ine ndinaona kuti kusiyana kwake si kwakukulu. Tiana tosakwana masabata 8 ayi, ndipo galu wakhunyu funsani kaye.

Njira imene ambiri timaidziwa ndi jakisoni wa ivermectin, ena amangoti Ivomec. Amagwira ntchito pa mphere yoyabwa ija shuwa, amabaya pansi pa khungu nkubwereza pakatha masabata awiri, kawiri kapena katatu, chifukwa jakisoni woyamba sapha mazira. Kubaya kamodzi nkusiya chifukwa galu wasiya kukanda ndiye kulakwitsa kumene ambiri timachita, pakatha mwezi zabwereranso. Koma mverani apa. Botolo lija ndi la ng'ombe, pa ng'ombe amabaya 1 ml pa makilo 50 alionse. Ndiye kuti galu wa makilo 10 gawo lake likungoyambira pa 0.2 ml, kadontho chabe, kofunika sirinji yaing'ono ija ya 1 ml kuti muyeze bwino. Nde taganizani munthu wa mu shopu ina anandiuza ine kuti ingomubayani 2 ml achira, kuchulukitsa kakhumi. Galu akalandira wambiri amayenda dzandidzandi ngati waledzera, dovu chuchuchu, maso kutong'oka osaona, kunjenjemera, ena osadzukanso. Agalu a mtundu wa Collie ndi abale awo oweta nkhosa, komanso ena mwa ma German Shepherd, matupi awo sagwirizana ndi ivermectin olo pa dozi imene galu wachikuda amapirira. Tiana tating'ono tosakwana masabata 6 osayerekeza. Ine langizo langa ndi lakuti jakisoniyu abaye ndi mlangizi kapena a vetenale, inu ntchito yanu ikhale kukumbukira tsiku lobwereza. Pa Demodex yofalikira jakisoni wa apo ndi apo sakwanira, imafuna mankhwala a miyezi ingapo osadukiza mpaka atapala khungu kawiri motalikirana mwezi osapeza kanthu.

Dipi wa amitraz, monga Triatix, nayenso amapha mphere ndi nkhupakupa. Werengani pa botolo mphamvu yake ndi kasungunulidwe kake, muyeze ndi sirinji osati chitsekerero kapena kungothira mpaka madzi ayere ngati mkaka. Ngati galu ali ndi ubweya wambiri mumeteni kaye, musambitseni ndi shampu kapena sopo wofatsa kuti nkhanambo zifewe zichoke, aume, kenako mumuthire dipiyo ndi siponji thupi lonse kupewa maso ndi mkamwa. Osamutsukuluza, osamupukuta, aume yekha pamthunzi podutsa mphepo ndipo muzimuyang'anira asadzinyambite. Inu valani magolovesi, olo majumbo mmanja, chitirani panja, ndipo munthu wa shuga kapena mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Dipi wosungunula kale sagona, wotsala mutayeni mu dzenje kutali ndi chitsime ndi nkhuku. Galu amatha kufooka ndi kugona kwambiri tsiku limenelo, koma akafika polephera kuimirira musambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo muthamange naye. Amitraz si wa amphaka, si wa tiagalu tating'ono ta mtundu wa Chihuahua, si wa tiana tosakwana miyezi 4, si wa galu wa bere kapena woyamwitsa, ndipo sathira pa zilonda zosapola.

Chipere chimafuna mankhwala a nkhungu. Kachigamba kakakhala kamodzi, metani ubweya wozungulira ndi sizasi, ubweyawo muotche, muzipaka clotrimazole kapena miconazole wa ku famase kawiri patsiku mpaka kupitirira mmbali mwa chigambacho, mukapaka mucheze naye kaye mphindi khumi kuti asanyambite pompo. Zikakhala zambiri pamafunika shampu ya miconazole ndi chlorhexidine kawiri pa sabata, thovu lizikhala pathupi mphindi 10 musanatsukuluze, pamodzi ndi mankhwala akumwa amene a vetenale angalembe monga itraconazole, terbinafine kapena griseofulvin. Griseofulvin pa galu wa bere ayi, amalumalitsa ana mmimba. Chipere nchochedwa, werengerani masabata 6 kapena kuposa, ndipo osasiya chifukwa choti ubweya wayamba kumera.

Apa ndichenjeze za makirimu aja amagulitsidwa pamsika, olembedwa kuti amachiza zonse, ena omwe aja anthu amadzola kuti ayere. Ambiri muli betamethasone kapena clobetasol. Mukapaka kufiira kumatha masiku awiri mumvekere zatheka, pomwe pansi chipere ndi Demodex zikusangalala chifukwa mankhwala amenewa amagonetsa chitetezo cha khungu. Chimodzimodzi mapilitsi a prednisolone, amaletsa kuyabwa inde koma pa galu wa Demodex ndi kuthira petulo pamoto. Werengani tizilembo tating'ono pa chubu musanapake.

Pamene pali mafinya, fungo, kapena chilonda chonyowa chofiira chimene chabuka tsiku limodzi, pamenepo mabakiteriya alowererapo. Metani ubweya wozungulira kuti mphepo ipite, tsukani kawiri patsiku ndi chlorhexidine (mankhwala otsukira zilonda) wosungunula kapena madzi owiritsa othira mchere pang'ono, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Zikakhala zakuya kapena thupi lonse pamafunika ma antibayotiki olembedwa ndi a vetenale ndipo a pakhungu amamwa masabata atatu kapena kuposa, osati makapusozi awiri otsala a mwana. Kuti asadzilume mutha kumuveka chi kolala chija ngati fanulo, ena amachita kudula chidebe chapulasitiki chakale nkuchipanga okha, bola mmphepete musakhale mokanda. Panado ndi Brufen musamupatse galu chifukwa choti akuoneka kuti akumva kuwawa, Brufen amaboola chifu ndi kuononga impso za galu, Panado pa mphaka nde ndi imfa yeniyeni.

Za mphutsi zija, pakani Vaseline wambiri pa kabowo kalikonse, dikirani pang'ono, mphutsiyo ikasowa mpweya imasuzumira, nde finyani mmbali mofatsa ituluke yathunthu, osaiphwanyira mkati. Tsukani bowolo, ndipo musinthe malo ogona chifukwa gwero lake ndi dothi lonyowa ndi mkodzo lija. Makutu olumidwa ndi ntchentche, nyowetsani nkhanambo ndi madzi ofunda zichoke, pakani Vaseline wokhuthala kapena mafuta othamangitsa ntchentche a ziweto mmawa ulionse, masana azikhala malo amthunzi oyera, ndowe ndi zotsala za chakudya zizichotsedwa tsiku ndi tsiku.

Chachisanu ndi chimene ambiri timadumpha, malo ogona. Nthata zimene mukuziona pa galu ndi kagawo kochepa, zambiri zili pansi ngati mazira ndi timphutsi mming'alu ya simenti, mu chiguduli, mu fumbi la pakhonde, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku. Nde mutha kusambitsa galu bwanji bwanji, akabwerera pa chiguduli chomwecho mawa zadzadzanso. Masaka ndi makatoni akale otchani, si odula. Bulangete chapani ndi madzi otentha liyanikidwe padzuwa lamphamvu. Sesani khola, kolopani, ndipo ngati ndi chipere gwiritsani Jik, kapu imodzi pa makapu 10 a madzi, akhale mphindi 10 musanatsukuluze, galu alowemo mutauma. Njere za chipere zimakhala zamoyo mu ubweya wogwa kupitirira chaka, nchifukwa chake chimangozungulira pakhomo, lero galu mawa mwana. Kolala, chipeso, burashi, zonsezo zitsukidwe. Ndipo pa nthata ndi mphere yoyabwa agalu onse apakhomo alandire mankhwala tsiku limodzi olo enawo akuoneka abwinobwino. Mphaka ali ndi mankhwala akeake, a agalu makamaka okhala ndi permethrin amapha mphaka.

Chachisanu nchimodzi, mbale yake. Tinene zoona, agalu athu ambiri amakhalira makoko a nsima, phala la madeya ndi madzi otsukira mpoto wa ndiwo. Ubweya umapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, nde galu wodya madeya okha olo mumugulire mankhwala odula bwanji ubweya wake umakhala wouma, wofiirira, wothothoka ukangogwira. Simukufunika kugula matumba a mu shopu aja ngati simungathe. Bonya kapena fumbi la usipa la pamsika lija nlotchipa, muviike kaye mchere uchepe nkuphikira limodzi ndi phalalo, onjezani soya wokazinga wogaya, dzira lophika kangapo pa sabata, zamkati za nkhuku kapena ng'ombe zophika, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Anyezi ndi adyo asamapezeke mu mbale ya galu, amaononga magazi. Mankhwala a njoka zammimba miyezi itatu iliyonse kwa galu wamkulu, tiana pafupipafupi kuposa apo, chifukwa kamwana kodzadza njoka chakudya chonse chimathera kwa njokazo.

Oilo wakuda uja ndabwereranso, pamodzi ndi anzake, dizilo, parafini, girisi, Doom, Actellic wa chimanga, ndi mankhwala opopera thonje kapena tomato. Anthu amalumbira kuti zimagwira, ndipo nzoona kuti nthawi zina nthata zimafa, koma khungu limapsa, poizoni amalowa kudzera pa zilonda, wina galu amameza podzinyambita. Ena amene amati anachira ndi oilo ndi aja a tizigamba ta Demodex amene akanachira okha. Ngati mwamupaka kale, musambitseni ndi sopo wotsukira mbale wamadzi uja ndi madzi ofunda kangapo mpaka mafuta achoke, osachotsa oilo ndi parafini. Madzi a masamba a nimu sindiletsa, amathandizako kuthamangitsa nthata, koma kachilombo kamene kali mkati mwa khungu sakafikira.

Kenako nkudikira, ndipo apa mpamene mitima imathera. Mphere yoyabwa ikalandira mankhwala oyenera kukanda kumayamba kuchepa pa sabata imodzi kapena ziwiri, koma kumatha kupitirirako mpaka mwezi. Ubweya umayamba ngati kaufa kofewa pakatha masabata 4 mpaka 6, kudzadza bwinobwino miyezi iwiri itatu. Muzijambula sabata iliyonse malo omwewo, ndipo lembani pa kalendala tsiku la dozi yotsatira chifukwa mutu umaiwala. Pakatha mwezi palibe kusintha kapena zigamba zikuchuluka, bwererani, mwina matendawo si amenewo kapena alipo awiri nthawi imodzi, zimachitika kwambiri galu kukhala ndi nthata, mphere ndi mafinya pakamodzi. Ena zonsezi zikachotsedwa amapezeka kuti thupi lawo limadana ndi chakudya china kapena udzu ndi fumbi, amanyambita mapazi ndi kudwala makutu chaka ndi chaka, amenewo ndi oyenda nawo kwa a vetenale nthawi yaitali.

Koma musadikire mwezi ngati galu wasiya kudya, akuonda msanga, nkhama zayera, thupi latentha, zilonda zikununkha kapena kagalu kali kakang'ono kwambiri, tiana timatha magazi ndi nthata zokha mpaka kufa. Ndipo galu wamkazi amene anadwalapo Demodex ya thupi lonse ali wamng'ono ndi bwino kumutseketsa asabereke, chifukwa kufooka kumeneku kumayenda mmagazi, ana ake ambiri adzavutikanso chimodzimodzi, komanso iyeyo imatha kumubwerera nthawi iliyonse akafuna amuna kapena akatenga bere. Poti mwapita kale kwa a vetenale, funsaniko ngati katemera wake wa chiwewe sanathe ntchito, mubayitsiretu ulendo omwewo akakuuzani kuti thupi lake lalimba mokwanira.